Masiku Asanu pa Benchi ya Wometa

Kalatayo inamupeza Kapitawo ali m'dzenje, pansi pa basi, manja ali bii ndi girisi. Linali Lachisanu masana. Mayi wa ku ofesi yoona za antchito anachita kutsika yekha masitepe, nsapato zake zikuti kho kho kho pasimenti, n'kudzaima m'mphepete mwa dzenjelo.

"A Kapitawo, tatulukani kaye."

"Nenani, mayi, ndikumva ndili momwe muno."

"Kuyambira Lolemba muli pa tchuthi. Masabata awiri. Zaka khumi ndi chimodzi simunapumeko ngakhale sabata imodzi. Abwana ati mukangooneka mkati mwa geti masiku amenewa, mlonda ndi amene aone zakuda."

Amakaniko onse m'galaja muja anafa nalo phwete. Wina anawomba m'manja, wina anakuwa kuti, "Mukatigulireko mphepo ya kunyumba, abwana!" Kapitawo sanaseke. Anatuluka m'dzenjemo, n'kulandira kalatayo ndi zala ziwiri ngati walandira chinthu chakufa, n'kuipinda kanayi, n'kuiponya m'thumba la ovololo.

Munthu ameneyu muyenera kumudziwa. Galaja ya kampani ya mabasi ija inali ndi amakaniko khumi ndi anayi, ndipo iye ndiye anali mkulu wawo. Basi ikamalowa pageti ikutsokomola, iye ankadziwa nambala yake asanatembenuke, n'kunenanso chimene chikuivuta. Ankafika mlonda asanamwe tiyi, n'kuweruka anzake atasamba kale kwawo. Loweruka analipo, Lamlungu masana analiponso. Mkazi wake, yemwe ankasoka zovala pakhonde la nyumba yawo, ankamupempha sukulu ikangotseka kuti, "Bambo ake Katsabola, tengani ngakhale masiku atatu, mwanayu akuoneniko kukuwala." Yankho linali limodzimodzi chaka ndi chaka: "Ndikachoka ine, galaja ija igwa." Koma zoona zake zinali zina. Bambo ameneyu ankaopa. Ankaopa kuti anthu akamuona pakhomo dzuwa lili paliwombo adzati wathera pomwepo. Ndipo china chimene sakanauza munthu, kunyumba kwake sankadziwa kuti manja ake awaike pati.

Katsabola anali mwana wawo mmodzi yekhayo, wa zaka khumi ndi chimodzi. Dzinalo anamupatsa ndi amayi ake chifukwa cha pakamwa: mwana wosasunga mawu m'mimba, wofunsa zimene akuluakulu amazilambalala. Sukulu inali itangotseka, koma tchuthi chake chinayamba ndi tsaya lotupa. Dzino la kumanzere linamugoneka pampando Loweruka lonse.

Lamlungu akumwa tiyi, mkazi wake anati, "Lachiwiri ndimutengera kwa dokotala wa mano. Mwina akalizula."

Katsabola anaika kapu pansi. "Adadi, ine ndikuopa. Anzanga amati amazula ndi pulayala ngati ya kugalaja kwanu. Mudzandiperekeze, mudzangondigwira dzanja basi."

Kalata ija inali kuchipinda, m'thumba la ovololo, masitepe asanu kuchokera pomwe anakhalapo. Chomwe chinkafunika n'kutsegula pakamwa n'kunena kuti, mwanangu, ndilipo, masabata awiri athunthu. Koma lilime lozolowera silidikira mwini wake.

"Ndili kuntchito, mwanangu. Upita ndi amayi ako."

Atanena anamva kutentha m'makutu, koma mawuwo anali atatuluka kale. Anadziuza kuti akonza mawa. Angopita kaye Lolemba kukaona mmene wachiwiri wake ayambire, kenako adzanena zonse.

Lolemba m'mawa anavala ovololo, analandira kontena ya chakudya imene mkazi wake ankamuikira tsiku lililonse, n'kutsazika ngati kale. Atafika pageti mlonda anamuimika, nkhope ili yomvetsa chisoni.

"Abwana, ndili ndi ana. Chonde."

Kapitawo anaima pamenepo kanthawi, kenako anawoloka msewu. Tsidya linalo, moyang'anizana ndi geti, panali kashopu kometera tsitsi, ndipo panja pake panali benchi yathabwa yotsamira khoma. Ukakhala pamenepo umaona bwalo lonse la galaja, mpaka pakamwa pa dzenje loyamba. Analowa, anametetsa tsitsi, n'kutuluka kukakhala pabenchipo. Anati angokhala ola limodzi.

Ola limodzi lake linatha dzuwa litapendeka.

Wometayo anali munthu wa nkhani zosatha, wodziwa za aliyense mumsewumo. Lachiwiri atamuona Kapitawo akubweranso anati, "Aaa, mkulu, tsitsi lamera kale? Mumathira fetereza?" Kapitawo anametetsa ndevu kuti apeze chifukwa. Lachitatu panalibenso chometa, moti wometayo anangomutulutsira nyuzipepala yakale n'kunena kuti, "Khalani, mkulu, benchiyi ikudziwani tsopano. Koma ine tchuthi chotere sindinachionepo. Anzanu akapuma amathawira kutali ndi bwana, inu mwabwera kudzamulondera."

Kapitawo ankangoseka pang'ono, maso ali kugeti. Ankadikira kuti amve chitsulo chikugwa, aone basi ikukankhidwa, aone wachiwiri wake akuthamanga ndi foni kukhutu kumufunafuna. Ayi ndithu. Mabasi ankatuluka pa nthawi yake, wina pambuyo pa mnzake. Basi ina yokalamba imene iye ankati palibe angaidzutse koma iye yekha, inatuluka Lachitatu m'mawa ikulira bwinobwino, n'kumupopera utsi kumaso podutsa. Foni yake sinalire ngakhale kamodzi. Masana ankatsegula kontena ija n'kudya atatembenukira kukhoma, chifukwa chakudya chimene mkazi wako wakuphikira kuti ukadye uli pantchito sichitsika bwino ukamachidya pabenchi ya wometa.

Kunyumba nako zinthu zinasintha, ndipo kusinthako kunayamba Lachiwiri madzulo. Mkazi wake anamuuza kuti dokotala sanazule dzinolo, wapereka mankhwala kuti chotupa chiphwe kaye, ndipo adzalizula Lachisanu m'mawa. Kapitawo anangoti, "Oho." Sanafunse n'komwe kuti chipatala cha manocho chili mbali iti ya tawuni. Koma Katsabola, yemwe masiku onse ankamulandira ndi mafunso khumi asanavule nsapato, tsikulo anamulandira kontena mwakachetechete, n'kupita kukamutengera madzi akumwa. Lachitatu Kapitawo anapeza nsapato zake zantchito zitapukutidwa. Patebulo mwanayo ankadya pang'ono n'kumukankhira mbale. "Idyani inu, Adadi, mwatopa."

"Mwanayu akukula," Kapitawo anauza mkazi wake.

"Kapena ndi dzinolo," anayankha mkaziyo, akulowetsa ulusi pa singano ya makina. "Pakamwa paja sipangatsekeke ndi kukula kokha."

Lachinayi madzulo mtima unamutsutsa ndithu. Anamupeza Katsabola atakhala pakhonde akutola tizidutswa ta nsalu, n'kukhala pafupi naye.

"Za mawa zija... mwina ndingapemphe kuntchito, ndikuperekeze."

Mwanayo sanadzutse mutu. "Ayi, Adadi. Musajombe. Pitani kuntchito, ine ndilimba mtima."

Ndipo abale inu, Kapitawo anamva kupepukidwa! Anamusisita mwanayo pamutu, n'kumuyamikira kuti ndi wanzeru, n'kulowa m'nyumba mtima uli m'malo.

Lachisanu cha m'ma leveni anali pamalo pake, nyuzipepala ili pamaondo, wometa akumufotokozera za kasitomala wina amene anagona tulo akumetedwa. Minibasi inaima pafupi ndi geti la galaja. Munatsika mayi wa diresi yobiriwira, diresi imene Kapitawo anaiona ikusokedwa pakhonde lake lomwe. Pambuyo pake panatsika mtsikana atagwira tsaya ndi kansalu.

Chipatala cha mano chija chinali mumsewu womwewo, kumtunda pang'ono, ndipo Kapitawo sankadziwa.

Anaona zonse ngati akuonera kanema. Mkazi wake analunjika kugeti. Katsabola anamugwira mkono n'kumamukokera m'mbuyo, akupukusa mutu mwamphamvu, koma pakamwa pake panali podzaza ndi thonje, mawu osatuluka. Amayi ake ankaseka, akumukoka, poganiza kuti mwanayo akuchita manyazi ndi tsaya lakelo. Anafika kwa mlonda. Mlonda anavula chipewa, anapereka moni, anamvetsera. Kenako anakanda kumutu. Anayang'ana pansi, anayang'ana kumwamba. Pomaliza anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kuloza tsidya la msewu.

Kapitawo anakweza nyuzipepala kubisa nkhope. Bambo wamkulu, mkulu wa amakaniko khumi ndi anayi, kubisala kuseri kwa nyuzipepala ya mwezi watha! Anaona yekha kuti n'zopusa, n'kuitsitsa.

Mkazi wake anawoloka msewu osathamanga, atamugwira mwana dzanja. Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwino. Anaima patsogolo pa benchi, anayang'ana ovololo yoyera yopanda dontho la oilo, anayang'ana kontena imene inali pambali pake, n'kupereka moni mwaulemu wonse ngati akulonjera mlendo.

"Mwaswera bwanji, a Kapitawo? Ntchito ikuyenda?"

Kapitawo anapinda nyuzipepala ija, n'kuiika pabenchi.

"Tinati tidzere kuti muone mwana wanu mmene walimbira mtima. Sanalire. Anangogwira chitsulo cha mpando mpaka zala kuyera. Ndiye a mlonda akutiuza kuti mwakhala pa tchuthi kuyambira Lolemba."

Wometa anatulukira pakhomo, makina ometera ali m'manja, nkhope ili mwee. "Eee, mayi, awa ndi a pa tchuthi, ndipo ndi ine ndikuwasunga. Masiku asanu tsopano! Kodi ndinu achemwali awo?"

"Ndine mkazi wawo. Uyu ndi mwana wawo."

Kumwetulira kwa wometa kunazima. "Pepani, mayi. Sananenepo kuti..." Anameza mawu otsalawo n'kubwerera m'kati, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo m'shopumo munali zii.

Tsidya lija amakaniko atatu anali ataima pageti akuyang'ana. Kapitawo anatola kontena yake n'kuimirira, mutu uli zyoli. Manyazi amene anamugwira pamenepo sanali a pankhope pokha. Anamulowa m'mafupa, moti ankalakalaka simenti ya pakhonde la wometa itang'ambika kuti alowemo. Anayesa kumuyang'ana Katsabola, koma mwanayo maso ake anali pa nsapato za bambo ake, misozi ikutsikira pa kansalu kaja.

Anakwera minibasi yobwerera kwawo onse atatu. Atafika kunyumba mkazi wake anamugoneka mwanayo, anamuikira beseni pafupi ndi bedi, n'kutuluka kudzamupeza Kapitawo ataima pabalaza ngati munthu wodikira kuuzidwa pokhala.

"Pali mkazi wina?"

"Ayi! Mayi ake Katsabola, ndikulumbira."

"Ndikudziwa kuti palibe. Ndangofunsa chifukwa zikanakhala choncho bwenzi ndikumvetsa. Munthu amathawa kwawo kupita kwa munthu. Inu mwatithawa kupita ku thabwa." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "M'mawa uliwonse ndimadzuka kukuphikirani. Zaka zonsezi ndimauza mwanayu kuti bambo ako amakukonda, koma ntchito ndi imene siwapatsa mpata. Lero ndimuuza chiyani? Musandiyankhe ine. Pitani mukamuyankhe mwini wake."

Kapitawo anagogoda pachitseko cha chipinda cha mwana wake, n'kulowa. Anadabwa kuona kuti makoma ndi achikasu. Sanakumbuke kuti anapakidwa liti. Katsabola anali atakhala tsonga pabedi, atalavulira thonje lija m'beseni. Mlomo wake unali udakali wolemera ndi jakisoni, mawu akutuluka mopotoka.

"Pepani, Adadi. Ndinayesetsa kuwakoka amayi kuti asapite kugeti. Sanandimvere."

Kapitawo anakhala m'mphepete mwa bedi. "Ukupepesa chiyani, mwanangu? Iwe unadziwa bwanji kuti kugetiko kulibe ine?"

"Ndinakuonani Lachiwiri. Tili mu minibasi popita kwa dokotala, munali pabenchi paja. Pobwera munali pomwepo. Ndinawaonetsa amayi nsalu za m'shopu ya mbali inayo kuti asatembenuke." Analavulira m'beseni, n'kupukuta pakamwa. "Mnzanga wina wa m'kalasi, bambo ake atawachotsa ntchito ankachokabe m'mawa atavala tayi, n'kumakakhala pa depoti tsiku lonse. Anthu atadziwa, anachita manyazi, anachoka pakhomo osabweranso. Ndiye ine sindinauze munthu. Ndinati mukadziwa kuti tadziwa, nanunso muchoka."

Kapitawo anakumbukira zonse. Nsapato zopukutidwa zija, mbale yomukankhira ija, mawu aja oti musajombe. Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi, dzino likumuwawa usana ndi usiku, anasenza manyazi a bambo ake masiku anayi ali yekhayekha, ndipo bamboyo n'kumati mwana akukula.

"Musadandaule, Adadi," Katsabola anapitiriza. "Mupeza ina. Inu mumadziwa kukonza basi iliyonse."

"Sanandichotse ntchito, mwanangu."

Mwanayo anamuyang'ana.

"Zimene ananena a mlonda n'zoona. Sankandibisira manyazi ayi. Ndi tchuthi. Anandipatsa masabata awiri kuti ndipume."

"Tchuthi ngati changachi?"

"Eya."

"Choti munthu amakhala kunyumba?"

"Eya."

"Ndiye Lamlungu lija, pamene ndinkakupemphani, munali mukudziwa kale?"

Kapitawo anagwedeza mutu kuvomera.

Kunja makina osokera sankalira. Nkhope ya mwanayo inkasintha iye akuona: chisoni chija chimene ankamumvera bambo ake chinkachoka pang'onopang'ono, ndipo chimene chinkabwera m'malo mwake Kapitawo sanafune kuchiona, koma sanathe kuyang'ana kumbali.

"Ine ndimakupemphererani," anatero mwanayo. "Ndimaganiza kuti mwakhala paja chifukwa mulibe kopita. Kani munali nako kopita, koma simunafune." Analavuliranso m'beseni. "Tinakulakwirani chiyani, Adadi? Kapena ndimalongolola kwambiri?"

"Ayi, mwanangu, ayi. Palibe chimene unalakwa. Wolakwa ndine. Ndinkaopa kuti kugalaja aona kuti angathe popanda ine. Ndipo kuno..." Anayang'ana manja ake, oyera kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri. "Kuno sindidziwa kuti ndingachite chiyani. Ndine bambo wopusa, ndipo ndikuchita manyazi kwambiri. Koma masiku alipo. Kwatsala asanu ndi anayi, onsewo ndi ako. Unene chilichonse. Kulikonse kumene ukufuna ndikuperekeza."

Katsabola anagona chammbali, tsaya labwino lili pa pilo, n'kukoka bulangete mpaka m'khosi.

"Dzino azula kale, Adadi."

Kapitawo anakhala pamenepo, osadziwa ngati atuluke kapena akhale. Katsabola sanamuthamangitse, komanso sanamuitane. Patapita kanthawi mwanayo anayankhula atatembenukira kukhoma.

"Adokotala anati ndizichukucha m'kamwa ndi madzi ofunda othira mchere."

Kapitawo anadzuka msangamsanga ngati wapatsidwa ntchito ya boma. Kukhitchini anapeza ketulo, anathiramo madzi, anayatsa moto. Kenako anatsegula kabati yoyamba: mbale zokhazokha. Yachiwiri: mapoto. Anatsegula chitini china n'kupeza mabatani ndi mazipi. Munthu amene ankatha kutuma makaniko kukatenga sipanala ya nambala teni m'bokosi lachitatu kumanzere iye ali pansi pa basi, anaima pakati pa khitchini ya nyumba yake akuzungulirazungulira, thukuta lili kamukamu.

Mkazi wake anali ataima pakhomo, manja atapinda pachifuwa. Anali ataonerera kuyambira pa kabati yoyamba.

"Mayi ake Katsabola," anatero Kapitawo ndi mawu otsika, "mchere timasunga pati?"

Mkaziyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanaloze, sanasunthe.

"Muli ndi masiku asanu ndi anayi," anatero. "Funani, muupeza."

Anabwerera pakhonde. Kapitawo anavula ovololo, anaikoleka kuseri kwa chitseko, n'kugwada kutsegula kabati ya pansi.